Mwamuna Wopirikitsa Mbalame

Roma,
18 Januwale

Okondedwa achemwali anga a Graziella,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu a Saverio. Bondo lija likuti bwanji ndi kuzizira kumeneku? Nanga bambo, chifuwa chija chinawasiya? Pafoni amangoti ali bwino, koma ndimawamva akutsokomola akamakupatsirani foniyo. Ine kuno ndili bwino. Kunena zoona, ndili bwino kuposa mmene ndakhalira zaka zambiri.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba. Mukudziwa kuti foni ikangolira bambo amakokera mpando pafupi, ndipo makutu awo aja, amene samva mukamawakumbutsa za mankhwala, amamva zonse ndikamalankhula ine. Nkhani ili munoyi ndi yanu kaye. Muiwerengere kukhitchini, mutakhala pansi.

Ndiyambe ndi kuulula bodza. Pa Khirisimasi ndinakuuzani kuti sindibwera chifukwa ntchito yachuluka kochapa zovala kuno. Ntchito inalipodi, koma ine sindinkaigwira. Ndinali nditathyoka dzanja lamanja, pamfundo pamene timavala wotchi, ndipo ndinali ndi chikhakha mpaka m'chigongono. Ndikanafika choncho, bwenzi muli ndi odwala awiri m'nyumba. Chikhakhacho anachichotsa masabata awiri apitawo, n'chifukwa chake zilembo zangazi zikuoneka ngati papalasa nkhuku.

Mukamva chimene chinandigwetsa museka. Ndi mbalame zija za storno, zakuda zamawangamawanga zija zinkatha maolivi a bambo, zimene ine ndi inu tinkazithamangitsa pomenya zitini mpaka manja kuchita matuza. Ndinakuuzanipo kuti kukayamba kuzizira zimabwera kuno kuchokera kumaiko a kumpoto. Masana zimakadya m'minda ya kunja kwa mzinda, madzulo n'kubwera kudzagona m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Tevere ndi ya pafupi ndi siteshoni, poti mumzinda mumafunda. Zaka 22 zonse zimene ndakhala kuno ndinkangozidziwira pansi, kunena zitosi. Galimoto yofiira ikagona pansi pa mitengo imeneyo imadzuka yotuwa. Anthu amayenda atafunda maambulera kumwamba kulibe mtambo. Ndiye kukangowaza kamvula, msewu umaterera ngati wina wathirapo sopo.

Linali Lachinayi lomaliza la Novembala. A Pina, abwana anga aja, anandituma kukasiya nsalu za patebulo kumalo ena odyera a kumtsinje. Ndinali nditazisita ndekha, zoyera mbee. Ndikudutsa pansi pa mitengo ndinangoona nsapato zanga zili m'mwamba. Nsalu zonse mbwee mumsewu, ine chagada, dzanja lili kunsi kwanga.

Woyamba kundifikira anali munthu wovala ovolosi yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atadziphimba kukamwa, chimkuzamawu chili paphewa. Ndi aja amalembedwa ntchito yopirikitsa mbalamezi. Madzulo amayenda pansi pa mitengo akuulutsa kulira kwa mbalame yogwidwa, kuti zinzake zichite mantha zikagone kwina. Anagwada n'kundifunsa ngati ndikutha kugwedeza zala. Ine ululu unali utandichotsa ulemu wonse umene amayi anatiphunzitsa.

"Inu amene mumadyera kupirikitsa mbalame," ndinatero, "izi zadzaza m'mitengomu ndi mbuzi?"

Anavula chophimba kukamwa chija. Anali bambo waimvi, wamphuno yaikulu ngati chogwirira cha jagi. Anandiyang'ana dzanja, osati nkhope.

"Mayi, muzinditukwana tili m'galimoto," anatero. "Dzanjali likutupa, silidikira kuti mumalize."

Ananditengera kuchipatala pagalimoto yawo ya kuntchito ndipo sanachoke mpaka atandiika chikhakha. M'mawa mwake ndinamva kwa a Pina kuti munthu yemweyo anali atatola nsalu zija imodziimodzi, n'kukazisiya kuntchito kwathu zili m'thumba, akupepesa ngati kuti zitosizo anachita ndi iyeyo.

Dzina lake ndi Ottavio. Muona kuti sindikuti a Ottavio. Pitirizani kuwerenga, mumva chifukwa chake. Ali ndi zaka 58, mbadwa ya konkuno. Mkazi wake, Clelia, anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ali ndi mwana mmodzi wamkazi, Livia, amene ndi mphunzitsi. Ntchito yake yeniyeni ndi yodulira mitengo ya m'misewu. Ya mbalameyi amaigwira nyengo yozizira yokha.

Kuyambira pamenepo anayamba kumabwera kuntchito kwathu tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro. Ankati wabwera kudzanyamula madengu a zovala amene ine sindikanatha kunyamula. Ine ndinkangokhala pakhomo kulandira makasitomala ndi dzanja lamanzere. A Pina, mukuwadziwa pakamwa pawo, sanachedwe.

"Iwe Nunzia," anatero tsiku lina iye atangotuluka, "zaka makumi awiri ndakhala ndikukuuza kuti uzipaka milomo, kani chimafunika n'kugwa m'zitosi? Undisonyeze pamalopo, mawa ndikagwepo nanenso. Mwina ndingatole wandevu."

Ndinawauza kuti munthuyo akungodzimvera chisoni chifukwa cha ngozi ija. Iwo anati chisoni sichimeta ndevu tsiku lililonse, komanso sichidzola mafuta onunkhira pobwera kudzanyamula masokosi a eni ake.

Za chisonizo sindinaname kwenikweni. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chimene mbalamezo zimangokhalabe pomwepo chikhalirecho iwo akuzipirikitsa chaka ndi chaka. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kundiuza motsitsa mawu kuti zimangosamukira msewu wina, ndiponso kuti iyeyo amachedwa dala kuyatsa chimkuzamawu chake. Anati amadikira kuti zimalize kaye kusewera. Anzake amamunena kuti wakalamba, miyendo yalemera, iye amangovomera.

Ndinamufunsa kuti kusewera kwake kotani. Iye anandifunsa ngati ndinayamba ndayang'anapo kumwamba nthawi imeneyo. Ndinati woyang'ana kumwamba nthawi imeneyo amalandira zake m'diso. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anati Loweruka sagwira ntchito, ndidzamupeze pasiteshoni 4 koloko nditavala zofunda.

Ndinapita, achemwali. Ndinadziuza kuti ndikupita chifukwa chosowa chochita.

Ali ndi mnzake amene amayang'anira nyumba ina yaitali pafupi ndi siteshoni. Ameneyo anatitsegulira kachitseko ka pamwamba penipeni, pamene pali matanki a madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala. Kunkaomba kamphepo kolowa m'mafupa. Ottavio anali atanyamula khofi ndi malalanje atatu m'matumba a chikhoti. Mzinda wonse unali kunsi kwathu, dzuwa likutsikira kuseri kwa matchalitchi, thambo lili ngati mkati mwa pichesi wakupsa. Tinaima mphindi khumi osaona kanthu. Ndinayamba kudandaula za mapazi anga. Iye anangoti ndidekhe, ndiyang'ane cha kumapiri.

Poyamba zinali ngati tsabola amene wina wawaza patali. Kagulu aka, kagulu ako, kena kuchokera kumbuyo kwathu. Timagulu tija tikakumana sitinkasiyananso. Ndisanamalize khofi wanga zinali zitachuluka moti ndinasiya kuganiza kuti ndi mbalame.

Mukukumbukira mmene tinkapindira nsalu zofunda za amayi pabwalo, inu kugwira uko ine kugwira uku, n'kuikutumula kuti ichite mafunde? Ganizirani nsalu yotero, yakuda, yaikulu kuposa munda wathu wonse wa kumtunda, ili m'mwamba popanda woigwira. Imapindika, n'kutambasuka, n'kupotokola ngati wina akuifinya madzi. Ikatembenukira mbali iyi imada bii. Ikatembenukira inayo imapyapyala mpaka mumaona thambo kuseri kwake, mungati yasowa, kenaka n'kuonekeranso pamwamba pa nyumba zina. Pena inkang'ambika pakati kukhala ziwiri, iliyonse kupita kwake, kenaka n'kusokekanso popanda msoko. Ine amene ndagwira nsalu moyo wanga wonse sindinaonepo nsalu yomvera chotero.

Kenaka inatembenuka n'kulunjika kwa ife. Ndinkayembekezera phokoso la kulira, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inalira. Kunangomveka mapiko okhaokha, waaa, ngati mvula yamphamvu ikamabwera ikudutsa m'munda isanafike pakhomo. Kunada pamene tinaimapo, ndipo mphepo ya mapikowo ndinaimva m'tsitsi. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ndagwira mkono wa chikhoti cha Ottavio ndi dzanja langa labwinoli.

Iye anandilozera kadontho kena pamwamba pa zonsezo, n'kunena kuti ameneyo ndi kabawi, amakhala pansanja ina cha komweko. Kabawi uja anapinda mapiko n'kutsika ngati mwala. Pamene ankati agwere pakati, nsalu ija inatseguka bowo lozungulira bwinobwino, iye n'kudutsa mopanda kukhudza nthenga, bowolo n'kutsekeka. Mantha ake ankaoneka akuyenda m'gulu lonselo ngati funde, kuchokera uku mpaka kukafika uko. Anayesa katatu. Kachitatu anangouluka kumapita, Ottavio n'kumuvulira chipewa, amvekere, "Pepani akulu, lero ndi Loweruka, mugonere buledi."

Ndinamufunsa kuti imatsogolera ndi iti. Anati palibe. Anati anthu ena ophunzira a ku yunivesite, amene ankazijambula zithunzi ali padenga lina cha pomwepo, anamuuza kuti mbalame iliyonse imangoyang'anira zinzake zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri zimene yayandikana nazo. Zikakhota, nayonso imakhota, basi. Ndinati ndiye sizigundana?

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuziyang'ana, sindinaonepo," anatero. "Koma muike madalaivala awiri a ku Roma kuno m'bwalo la mpira lopanda munthu, mubwereko pakatha mphindi zisanu."

Dzuwa litangolowa, zinayamba kutsika. Zinkakhuthukira m'mitengo ya pasiteshoni ngati mmene maolivi amakhuthukira kuchoka m'thumba. Posakhalitsa kumwamba kunali mbee, ndipo mitengo ndi imene inayamba kusokosera ngati msika wa Lachitatu kwathu. Ine misozi inali ikutsika, mamina omwe, ndipo ndinalibe chopukutira chifukwa dzanja lina linali m'chikhakha, lina linali likadagwira chikhoti cha mwini wake. Ndinkaganiza za zaka 22 zimene ndayenda pansi pa zinthu zimenezi nditazolika, ndikutukwana. Ndinkaganizanso za amayi, amene ankakonda kuima pakhomo kuyang'ana mitambo bambo n'kumawanena kuti ndi ulesi. Ottavio anapisa m'thumba la chikhoti. Anasenda lalanje n'kumandipatsa kachigawo kamodzikamodzi mpaka linatha.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikupita pafupifupi madzulo alionse, pena padenga paja, pena pamlatho. Sizibwereza zimene zinachita dzulo. Tsiku lina kuli mphepo zinauluka motsika kwambiri, zikuchita kupukuta madzi a mumtsinje. Tsiku lina kunali nkhungu, zinangobwera n'kulowa m'mitengo osasewera, ndipo ndinabwerera kunyumba nditakwiya ngati andimana chakudya. Ndaonanso kuti sindili ndekha. Pali wansembe wina wokalamba amene amaima pamlathopo ndi thumba lake la ndiwo, ndi mayi wina wogulitsa maluwa amene amasiya makasitomala ataima n'kumati adikire, maluwa sathawa.

Livia anandijambulira pafoni kuti ndikutumizireni. Ndinakana. Pafoni zimangooneka ngati utsi wa zinyalala.

Khirisimasi ndinadyera kwa Livia. Ndinkaopa, poti mwana wamkazi saiwala mayi ake msanga, ndipo anandiyang'anadi kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Ndinatenga botolo limodzi la mafuta a maolivi aja munanditumizira. Ottavio anaviika buledi, n'kutafuna, kenaka anafunsa kuti mitengo yake ili ndi zaka zingati. Nditamuuza kuti ina inabzalidwa ndi agogo a agogo athu, anaviikanso buledi wina mwaulemu ngati ali kutchalitchi. Livia anandipempha kuti ndimuphunzitse kukonza chakudya chathu chija cha ufa wa tirigu, pasta wooneka ngati timakutu. Ine ndinkalamula ndi pakamwa, iye akukanda ndi kupinda ndi chala. Toyamba tinatuluka ngati makutu a bulu. Tinaseka mpaka madzi anaphwera pamoto, ndipo pochoka anandipsompsona masaya onse awiri.

Tsopano ndafika povuta. Pa 2 Januwale tinali pamlatho, mbalame zitangomaliza kulowa m'mitengo. Ottavio anavula chipewa ngakhale kunkazizira, n'kunena kuti iye sadziwa kuzungulira, akufuna kundikwatira.

Ndinakana, achemwali. Ndinamuuza za lonjezo limene ndinapanga kwa inu ndi kwa bambo tsiku limene tinaika amayi, kuti pa Pasaka wa chaka chino ndidzabwerera kumudzi osadzachokanso. Ndinamuuza kuti inu munadwazika amayi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mwasamala bambo zaka zitatu zina, ine ndili kuno kumangotumiza moni. Ndinamuuza kuti mdzukulu wanu ku Germany wayamba kuyenda inu musanamunyamulepo, chifukwa simungasiye bambo okha ngakhale masiku awiri. Ndinati nthawi yanga yakwana, ndipo sindingakuuzeni kuti mudikirenso.

Anamvetsera zonse. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye ukukana ineyo, kapena ukukana Roma?"

Ndinati n'chimodzimodzi. Anavala chipewa chake, n'kundiperekeza pokwerera basi, n'kunditsanzika mwaulemu ngati ndine mlendo. Mawa lake sanabwere kudzanyamula madengu. Mkuja wakenso ayi.

Panatha masiku asanu ndi anayi. Sindikubisirani, chakudya sichinkalowa. Chikhakha anandichotsa m'masiku omwewo, ndinapita ndekha kuchipatala, ndipo nditaona kadzanja kanga katafota ngati mwendo wa nkhuku ndinalira ngati mwana, namwino n'kumaganiza kuti wandipweteka. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, chotenthetsera m'chipinda changa chinafa sabata yomweyo, ndinkagona nditavala masokosi awiriawiri. A Pina nawo sanandipatse mpata.

"Chitsiru cha munthu," ankatero akusita malaya ngati akuwalanga. "Mulungu wachita kukugwetsa pansi kuti umuone mwamunayo, iwe ukuti dikirani ndikafunse kwathu. Ukuganiza kuti akugwetsanso kawiri? Manja uli nawo awiri okha."

Madzulo ndinkapitabe pamlatho ndekha. Ndinkamva chimkuzamawu chikulira kutsidya, koma sindinawoloke kukaona ngati ndi iyeyo. Ndinali nditanena zoona, ndipo ndinalibe china choonjezera.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, chitseko cha kuntchito chinatseguka. Anali iyeyo, atavala jekete la ku tchalitchi, koma manja ali zilonda zokhazokha, chala chachikulu atachimanga kansalu. Ndinaiwala kuti sitikulankhulana, ndinamufunsa kuti wamenyana ndi ndani.

Anati wamenyana ndi mitengo ya maolivi. Anali atapempha tchuthi n'kupita kwa mnzake amene ali ndi munda kumapiri, kunja kwa mzinda, kuti akamuphunzitse kudulira. Anati mitengo ya m'misewu amaidziwa ngati zala zake, koma maolivi ankangowadziwira m'botolo, ndipo sangakaonekere kwa bambo anga ali mbuli. Anati walankhula ndi Livia. Walankhulanso ndi mabwana ake, ndipo amulola kupuma pantchito mwezi wa Juni. Ine ndinali chiimire ndi thalauzi la kasitomala m'manja.

"Unati ukupita kwanu," anatero. "Sunanene kuti sitima yake ili ndi mpando umodzi."

Ndinamukumbutsa kuti iye anabadwira kuno, mwana wake ali kuno, manda a mkazi wake ali kuno. Anati Livia ndi amene wamuuza kuti apite asanasanduke chipilala cha mumsewu, ndipo Liviayo azidzabwera patchuthi kudzanenepa. Za manda anayankha motsitsa mawu. Anati anapitako Lamlungu, anakhala pamenepo ola lathunthu, n'kumuuza Clelia zonse, ndipo anachokako mtima uli m'malo.

Kenaka ndinafunsa zopusa. Ndinati nanga mbalame zako? Iye anati kodi kwanuko kulibe? Ndinati ziliko, koma kumeneko sitiziyang'ana, ndi akuba. Anati ndiye kuti bambo anga apeza mkamwini woyamba m'mudzimo wobwera ndi ntchito yake m'manja.

Apo n'kuti a Pina atazimitsa makina onse kuti amve bwino. Anatulukira kuseri kwa zovala, manja ali m'chiuno.

"Yankha iwe, makina akudikira."

Ndinavomera, achemwali. Ndili ndi zaka 49, ndinavomera ndili ndi thalauzi la eni ake m'manja. A Pina anatulutsa botolo la vinyo limene amabisa kuseri kwa sopo, n'kutithirira m'makapu a khofi, ngakhalenso bambo wina amene anangobwera kudzatenga jekete lake anamwa nawo, n'kutifunira mafuno abwino osatidziwa maina.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Mukuti miyezi iwiri yokha. Nanenso ndadziuza zimenezo kambirimbiri. Koma chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pamsinkhu wangawu munthu ndimamuonera mmene amatolera nsalu zakuda za eni ake mumsewu, osati mmene amalankhulira.

Lonjezo langa lili pomwepo, musakayike. Pa Pasaka ndikubwera ndi katundu wanga yense. Iye adzanditsatira mu Juni, adzayamba wakhala m'kanyumba ka alendo kaja ka pafupi ndi tchalitchi. Ukwati tikufuna udzachitikire kwathu mu Sepitembala, tisanayambe kukolola. Inu mudzapite ku Germany mwezi wathunthu, kapena iwiri, mukamunyamule mwanayo mpaka msana ukapweteke.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi bambo. Simunaiwale zimene anamuchita Cosimo, amene ankafuna kundikwatira, ndili ndi zaka 26, pamene anamuimika pabwalo dzuwa lili pamutu n'kumufunsa kuti kwawo ali ndi mitengo ingati. Mnyamata uja sanabwerenso, ndipo chaka chotsatira ine ndinakwera sitima yobwera kuno. Ottavio ali ndi mtengo umodzi, wa mandimu, uli mumphika pakhonde. Ndiponso ndi wa ku Roma, ndipo mukudziwa zimene bambo amanena za anthu akuno. Sindikufuna kulowa m'nyumba ya bambo ndi mwamuna amene iwo sakumufuna. Sindikufunanso kumutaya. Pa dziko lonse lapansi bambo amamvera munthu mmodzi, ngakhale amachita ngati sakumva, ndipo munthuyo ndi inu.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Bwerani ku Roma, inuyo nokha, masiku asanu okha. Mubwere Febuluwale asanathe, chifukwa kukangoyamba kufunda mbalamezi zimabwerera kwawo. Msuweni wathu Lucrezia angathe kumagona kunyumba masiku amenewo, anandiuza yekha chaka chatha kuti mumangokana thandizo. Alamu a Saverio sangafe chifukwa chodziphikira masiku asanu. Mukwere sitima ya m'mawa ku Bari, imafika kuno masana, ndipo za tikiti Livia wati akonza. Muwauze bambo kuti mukudzaona dzanja langa. Limenelo si bodza, lilipo ndipo likufunika kuonedwa.

Ndikufuna mudzamuone munthuyu ndi maso anu, mudye naye, mumufunse mafunso anu aja obaya. Amayi kulibe, otsala ndi inu. Mukadzaona kuti sakukusangalatsani mudzandiuze poyera. Ndidzamva, ngakhale sindikulonjeza kuti ndidzamvera. Akakusangalatsani, Loweruka lake tidzatsikire limodzi kumudzi tonse atatu, akalankhule ndi bambo inu muli pomwepo.

Koma ngakhale pakanapanda za ukwatizi, ndikanakupemphanibe. Zaka khumi ndi chimodzi simunagone kunja kwa mudzi. Ndikufuna ndidzakukwezeni padenga paja, ndikupatseni khofi m'manja, muime ola limodzi popanda wokuitanani kuti mubweretse madzi kapena mankhwala. Masitepe ake ndi ochepa, chikepe chimafika pafupi, bondo lisakhale chifukwa.

Ottavio wati ndikupatseni moni waulemu, ndipo ndikufunseni zinthu ziwiri. Choyamba, vinyo amene bambo amakonda. Chachiwiri, ngati mfuti yawo yoopsezera mbalame ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo ngati ilipo, mwina alamu angaibwereke sabata imeneyo.

Mundiperekere moni kwa bambo, muwauze kuti azivala mpango pakhosi akamapita kumunda m'mawa. Moni kwa alamu a Saverio, kwa msuweni Lucrezia ndi ana ake, ndiponso kwa mwana wanu Michele ndi mkazi wake mukamalankhula nawo, mundipsompsonere kamdzukuluko pafoni. Azakhali a Titina muwapatse moni wokhawokha. Mukangowauza china, mudzi wonse udziwa belu la Misa ya madzulo lisanalire. A Pina akuti bedi la mwana wawo lili chikhalire, mudzagona kwa iwo ngati kwanga kukadali kozizira.

Mundiyankhe pafoni. Bambo akakhala pafupi mungonena tsiku, ndidzamva.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Nunzia

Ndaiwala chimodzi. Mukadzatsika sitima musadzafunefune mayi wovala zakuda. Zija ndinavala kuyambira pamaliro a amayi ndazichapa, ndazisita, ndaziika m'bokosi. Dzulo ndagula chikhoti chofiira. Wogulitsayo anati chatsala chimodzi chobiriwira cha msinkhu wanu, ndiye ndamuuza kuti asachigulitse.